Kukweza kumbuyo kwa Virago yanga: m'mene ntchito ya mashock ikuyendera

Loweruka loyamba

Mutu wanga susunga manambala. Dzulo ndinayeza njinga, lero m'mawa theka la zomwe ndinapeza lathawa kale, ndiye kuyambira pano chilichonse chizilowa m'kope.

Njinga yake ndi Yamaha Virago XV250, ija ya masilinda awiri oima ngati chilembo V, 249 cc, yoyendera tcheni. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1988, ndipo ku America anadzausintha dzina mu 2008 n'kumautcha V Star 250, koma njinga ndi yomweyo. Yangayi ndinagula kwa mnyamata wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Nditangoiona pa Ulongwe mtima unagwa pompo: kumbuyo yagwada, tayala labisala m'madigadi, chishalo chili pansi moti ukakhalapo mapazi onse amaponda dothi mawondo ali chipindire. Anyamata a kabaza anaizungulira ngati yagwa kumwamba.

Kugwada komweko ndi kumene kwandithyola msana. Lomba iliyonse ya m'tauni muno, bampu ija yochepetsa liwiro pamsewu, ndimaidutsa chopingasa ngati nkhanu, apo ayi pansi pamamveka khwee! Msewu wafumbi wopita kumudzi, cha ku Domwe, ndiye osanena. Sabata yatha tinapita kukaona apongozi, ine ndi mayi a kunyumba, ndipo dzenje lililonse kumbuyo kumangoti gu, mpaka mano kugundana. Titafika anatsika mwakachetechete, n'kukonza chitenje, kenako anati, "Abambo, ulendo winawo inu muzitsogola ndi chinjinga chanuchi, ine ndikupezani pa chapa," kutanthauza minibasi.

Zomwe ndapeza ndi tepi, njinga itaimikidwa chilili popanda munthu:

Kutalika kwa shock, chitsulo cha sipiling'i chija chimene chimameza mabampu kumbuyo, kuchokera pakati pa bawuti ya kumwamba kufika pakati pa bawuti ya kumunsi, ndi 270 mm mbali zonse ziwiri. Kuchokera pansi kufika pamalo otsikitsitsa kunsi kwa injini pali 120 mm, pamene buku la njingayi limati 145 mm. Chishalo chili pa 650 mm, buku likuti 685 mm. Sitandi ya pambali nayo ili ndi chipsera cha kuwotcherera pakati, kusonyeza kuti inadulidwa kuti igwirizane ndi njinga yotsika.

Ndiye kuti mwini wake wakale anachita kuitsitsa dala. Sindikumuda, kumene ankayendako misewu ndi yosalala ngati thebulo. Kuno ndi ku Angonia, kumene njinga imanyamula munthu, mkazi wake ndi theka la thumba la kachewere.

Lolemba madzulo

Ndinakaisiya ku oficina, galaji ya makaniko amene timawatcha a Mestre, ndipo lero ndaphunzira zambiri kuposa miyezi yonse yomwe ndakhala ndi njingayi. Iwo shock amaitchula amortecedor, ine ndimati shock, koma timamvana.

Virago ilibe sitandi ya pakati, choncho tinaika jeke ya galimoto ndi thabwa kunsi kwa fulemu, kutsogolo n'kumangirira ndi chingwe pamtengo. Tayala litachoka pansi tinamasula mashock onse awiri. Atagona pansi m'pamene ndinaona chimene chimandipweteka: kachitsulo konyezimira kamene kamalowa ndi kutuluka m'kati muja kali ndi malo oyendamo 45 mm basi. Kalabala koletsa kugundana kananyenyeka kalekale, kangotsala tizidutswa. Shock yaifupi sikuti imangotsitsa njinga ayi, imadyanso mpata umene tayala limayendamo likagunda dzenje. Buku limati tayala lakumbuyo la njingayi liyenera kuyenda 100 mm. Langa limayenda pang'ono kupitirira theka la pamenepo.

A Mestre anajambula kadontho ndi penti pamadigadi, molunjika pamwamba pa ekiselo, chitsulo chimene tayala limazungulirapo, n'kunena kuti miyezo yonse izichokera pamenepo. Kenako anandiuza kuti ndizikweza tayala pang'onopang'ono ndi thabwa, iwo akuyeza malo awiri: mtunda wa pakati pa mabowo awiri omangapo shock, ndi mtunda wa pakati pa ekiselo ndi kadontho kaja.

Chinatuluka ndi ichi: mabowo a shock akayandikana ndi 10 mm, tayala limakwera 12 mm. Chifukwa chake n'chakuti shock siimangidwa pa ekiselo penipeni, ili patsogolo pang'ono, ndiponso inapendekeka. Swingarm, mkono wachitsulo umene umagwira tayala lakumbuyo, ili ngati mpini wa khasu umene wagwidwa kumapeto kumodzi: nsonga imayenda mtunda wautali kuposa pakati. Ndiye munthu akati wawonjezera 40 mm pa shock, kutayala wawonjezera 48 mm.

Koma apa ndi pamene ndinali nditasokera. Ine ndinkaganiza kuti 48 mm imeneyo ipita yonse kunsi kwa injini. A Mestre anaseka. "Achimwene, tayala lakutsogolo mwalikweza? Likadali pomwepo. Mukanyamula bedi mbali imodzi, pakati pamakwera theka." Zoonadi. Injini ili chapakatikati pa matayala awiriwa, ndiye imalandira theka lokha, chishalo n'kulandira mwina magawo awiri mwa atatu popeza chili chakumbuyo. Kuti ndibweze 25 mm imene ikusowa kunsi kwa injini, ekiselo iyenera kutsika pafupifupi 48 mm, kutanthauza shock ya 310 mm.

Tinapitiriza kukweza tayala mpaka linakhudza madigadi m'kati. Pamenepo mabowo a shock anali atatalikirana 215 mm. Mashock akalewa akafinyika mpaka mapeto amafika 225 mm, ndiye mpata wotsala unali wochepa ngati chala chaching'ono. Titasuzumira ndi tochi tinapeza penti yopalika, komanso waya wa nyali yakumbuyo utadyeka chikopa chake mbali imodzi. Ukanatha mwezi wina ndikanayamba kusaka chimene chikupsereza fyuzi. Tinaukulunga ndi tepi yakuda n'kuusunthira pambali.

Mtunda wa ekiselo ndi kadontho, mashock a 270 mm atatambasuka kotheratu, unali 300 mm ndendende, nambala yosavuta kukumbukira. Nditakhalapo ndekha unatsika kufika 275 mm.

Mawu omaliza a a Mestre: ndifune a 310 kapena 320, a sipiling'i yolimba, okhala ndi mabowo kumwamba ndi kumunsi komwe, osati aja okhala ndi mphanda kumunsi.

Lachinayi

Ndagula a 340 mm.

Ndikulemba momwemo kuti ndisadzadzinamize. Ndinadutsa pamsika, pa benchi ina yogulitsa zipangizo za njinga, ndipo a 320 panalibe. Panali awa, ofiira, onyezimira, otchipa kwambiri, a njinga zing'onozing'ono za 150 cc zimene zadzaza m'misewu muno. Wogulitsa anati 20 mm si kanthu. Inenso mumtima ndinati ngati vuto ndi kutsika, kukwera kwambiri kungalakwe chiyani? Sindinawaimbire a Mestre chifukwa yankho lawo ndinkalidziwa kale.

Loweruka lachiwiri

A Mestre atawaona sanalankhule. Anangotenga imodzi, n'kuiimika pansi, n'kuitsamira ndi chifuwa. Inalowa mosavuta ngati siponji. Anandiyang'ana, n'kuti, "Tiyeni timange, muone nokha."

Vuto loyamba linali la mabushu, timalabala ta m'mabowo omangira shock: mabowo ake sanagwirizane ndi zitsulo zomangirapo za pa fulemu, ndiye tinachita kusamutsa mabushu a m'mashock akale. Mashock a njinga amabwera ndi mabowo osiyanasiyana, 10 mm, 12 mm, 14 mm, ndipo m'lifupi mwa mutu wake namonso mumasiyana. Zimenezi ziyenera kuyezedwa munthu asanatulutse ndalama, ine ndinangoyang'ana utoto.

Titamanga, tayala lidakali m'mwamba, mtunda wa kadontho unafika 384 mm, monga momwe masamu a Lolemba ananenera: 70 mm pa shock, 84 mm kutayala. Koma swingarm inali itaweramira pansi kwambiri. Tcheni chakumtunda chinagona pa pulasitiki uja amateteza swingarm pafupi ndi sipuloketi yaing'ono, ndipo pozungulitsa tayala ndi dzanja chimamveka kukhula. Mbali ya kumanja, kumene kuli ekizozi, mpata pakati pa chitsulo ndi chitsulo unangotsala wolowa pepala. Tinamasulanso shock n'kuyesa kuti mavutowa amayambira pati: ndi pa 330 mm. Muyezo umenewu tikanautenga Lolemba lomwe lija, koma tonse maganizo anali kumwamba, kumadigadi, osaganiza za kumunsi.

Choncho njinga iyi ili ndi malire awiri. Shock ikafinyika isafupike kudutsa 225 mm, ikatambasuka isatalike kudutsa 330 mm. Chilichonse chogula chiyenera kukhala m'kati mwa mpanda umenewu.

Tinaitsitsa pansi. Kunsi kwa injini 158 mm, chishalo 705 mm. Kuiona patali inasanduka njinga ina, matako m'mwamba ngati nkhuku yojompha chimanga, ndipo pakati pa tayala ndi madigadi pakanatha kudutsa mphaka. Poiika pa sitandi yodulidwa ija inapendekeka mpaka mnyamata wothandiza a Mestre anathamanga kudzaigwira. Panopa ndikuyenda ndi kachidutswa ka thabwa m'thumba la jekete.

Nditakhalapo ndekha, mtunda wa kadontho unagwa kuchoka pa 384 kufika pa 329 mm. Ndiye kuti thupi langa ndi kulemera kwa njinga zadya 55 mm, kupitirira theka la 108 mm imene mashock amenewa angapereke kutayala. Chimene amisiri amafuna n'chakuti munthu akakhalapo padyeke gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kucheperako pang'ono, kuti tayala likhale ndi mpata wokwera likagunda mwala komanso wotsika likapeza dzenje.

Ndinazungulira m'tauni. Malomba ndinawadutsa molunjika koyamba chigulireni njingayi, ndipo ndisaname, ndinamwetulira. Chiwongolero nacho chinapepuka. Poyamba pokhota pang'onopang'ono chimagwera m'kati chokha ngati wilibala yolemera, tsopano chimamvera. Izi zili ndi chifukwa chake. Mafoloko a Virago, zitsulo ziwiri zogwira tayala lakutsogolo, anapendekeka madigiri 32, ndipo pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo pali 1,490 mm. Pa mtunda umenewu, kumbuyo kukakwera 26 mm mafoloko amaimirira ndi digiri imodzi, kukatsika 26 mm amagona ndi digiri imodzi. Mwini wakale potsitsa anawagoneka kufika cha m'ma 34. Njinga ya mafoloko ogona imakonda kupita molunjika, kukhota imachita kukakamizidwa.

Koma kumbuyo kumavina. Ukadutsa lomba kumanyamuka, kutsika, kunyamukanso, kachitatu m'pamene kumakhazikika. Mafuta a m'kati mwa mashock amenewa analinganizidwira njinga yopepuka, pamene Virago ndi mafuta ake omwe imayandikira 150 kg.

Lamulungu tikuchokera ku tchalitchi

Ndinawanyengerera mayi kuti ayesenso. Tinamangirira theka la thumba la chimanga pakaliyala, iwo n'kukwera, mwana wa achemwali anga n'kugwira tepi.

Mtunda wa kadontho 286 mm. Pa 108 mm ija, 98 yapita njinga isanasunthe n'komwe.

Ndinatenga sipanala yokhota n'kupotoza kolala, kamkombero kamene sipiling'i imatsamirapo, mpaka pa sitepe yomaliza, yachisanu. Tinayezanso: 300 mm. Yakwerako, koma mpata wotsala ndi 24 mm basi. Tinayenda mtunda waufupi pamsewu wopita ku Calomue, pa tala penipeni, ndipo pachigamba choyamba kumbuyo kunati gu monga kale. Mayi sananene kanthu, anangondimenya kachibakera pamsana.

Apa ndiye ndamvetsa chinthu chimene ndakhala ndikuchisokoneza, ndipo ndikuona anzanga ambiri amachisokonezanso. Kupotoza kolala sikulimbitsa sipiling'i. Kumangoifinya pasadakhale kuti njinga iyambire pamwamba. Sipiling'i yofewa imakhalabe yofewa: ukaisenzetsa makilogalamu ena 10 imalowa chimodzimodzi, kaya kolala ili pa sitepe yoyamba kapena yachisanu. Ndipo mayi atatsika, sitepe yachisanuyo inabweretsa phokoso lina. Ndikadutsa pakadzenje ndili ndekha shock imatambasuka mpaka kumapeto n'kumveka kha, ndipo pamenepo ndi pomwe tcheni chimakhula pulasitiki uja.

Nambala yolembedwa pa bokosi imangonena kutalika kwa shock ili pa shelefu. Kutalika kwa njinga ili pamsewu kumachokera ku sipiling'i ndi katundu amene wakwera. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinafunsa, n'kuyankhidwa, n'kukadyabe.

Lachiwiri

Palibe ntchito yagwirika. Alamu anga anabwera madzulo, aja anakhalitsa ku Beira ndipo njinga zikuluzikulu amazidziwa. Anati ndiyamike kuti yanga ndi ya tcheni. Virago 535 ndi Suzuki Intruder 800 zimayendera shafiti, ndipo pamenepo ukatalikitsa shock mopitirira, joini ya shafiti imagwira ntchito itapindika kwambiri n'kutha msanga. Za lamba, monga Harley-Davidson Sportster kapena Suzuki Savage 650, nazo zimafuna kuyezanso kukoka kwa lamba ukasintha kutalika, chifukwa lamba sakhululuka ngati tcheni. Sportster yokhayo inatulukapo ndi mashock osiyanasiyana, ena a mainchesi 11, ena mpaka 13 ndi theka, malinga ndi mtundu wake, ndipo eni ake amasinthanitsa pofuna kukwera kapena kutsika. Inchi imodzi ndi 25.4 mm, ndiye pogula za kunja munthu azisamala, 12 ndi 12.5 zikusiyana pafupifupi 13 mm.

Chimene chinandiseketsa ndi cha Softail, imene Harley-Davidson inatulutsa mu 1984. Pofuna kuti izioneka ngati njinga zakale zopanda mashock kumbuyo, anawabisa kunsi kwa giyabokosi atagona chogona, ndipo tayala likagunda bampu iwo amakokedwa m'malo mofinyika. Pa njinga imeneyo ukatalikitsa shock ndiye kuti waitsitsa. Anadzasintha kapangidweko mu 2018. Ndinati bola sindinagule imeneyo, ndikanaikwirira pansi.

Lachisanu

Ndapita ku Tete pa chapa, njinga ndaisiya pa jeke. M'chikwama munali shock imodzi yakale, imodzi yofiira, tepi, ndi kachipangizo ka a Mestre koyezera kunenepa kwa zitsulo, komwe anandibwereka atandilumbiritsa kawiri. Ndinanyamuka pa Ulongwe nditavala jekete ziwiri, pofika pa Mussacama imodzi ndinali nditavula, ku Moatize yachiwiri, ndipo powoloka Zambezi ndinkalakalaka kuvula ndi malaya omwe. Ife anthu a kumapiri, kutentha kwa ku Tete sikutikonda.

Ndinalowa mashopu anayi. Atatu oyamba anali ndi omwe aja a njinga zazing'ono, utoto wokha ndiye wosiyana. M'yachinayi bambo wina wachikulire anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kupita kuseri, n'kubwera ndi bokosi lafumbi. Akuda, osanyezimira, 320 mm. Ndinayeza ndekha pa kauntala pomwepo, bowo mpaka bowo. Malo oyendamo 80 mm, kutanthauza kuti akafinyika amafika 240 mm, ndipo kutayala apereka 96 mm. M'kati mwa mpanda wanga mbali zonse ziwiri.

Kenako sipiling'i. Waya wa yofiira ija ndi wonenepa 6 mm, wa yakudayi 7 mm, ndipo kukula kwa mkombero ndi kuchuluka kwa mapindi n'zofanana kapena kuyandikana. Milimita imodzi imaoneka yochepa, koma kulimba kwa sipiling'i kumakwera ndi kunenepa kwa waya kochulukitsidwa kanayi: 7 x 7 x 7 x 7 ndi 2,401, pamene 6 x 6 x 6 x 6 ndi 1,296. Yakudayi ndi yolimba pafupifupi kawiri. Nditaitsamira ndi chifuwa monga anachitira a Mestre inangolowa pang'ono, ndipo pobwerera inabwerera modekha, osati kudumpha.

Mtengo wake unali woposa kawiri wa ofiira aja. Ndinanenerera, anandichotserako ya chapa yobwerera. Ndafika kunyumba usiku, fumbi lokhalokha.

Loweruka lachitatu

Tamanga. Mabushu analowa popanda kulimbana nawo. A Mestre anandiletsa kumangitsa mabawuti tayala lili m'mwamba: tinangowagwiritsa, n'kutsitsa njinga pansi, ine n'kukhalapo, kenako iwo n'kumangitsa. Akuti ukamangitsa shock itatambasuka, labala wa m'bushu amakhala wopotoka nthawi yonse imene njinga ili pansi, ndipo sachedwa kung'ambika.

Manambala a lero, kuchokera pa ekiselo kufika pakadontho:

Tayala lili m'mwamba, 360 mm. Ine ndekha, kolala pa sitepe yoyamba, 327 mm. Pa sitepe yachiwiri, 331 mm, kutanthauza kuti padyeka 29 mm mwa 96. Pamenepo ndiye ndasiya. Ine, mayi ndi theka la thumba lomwe lija, pa sitepe yachiwiri 307 mm, pa yachinayi 315 mm.

Ndakhala ndikuyang'ana manambalawa kwa nthawi. Ndikakhala ndekha, shock ya 320 yandiika pa 331, pamene ya 340 inandiika pa 329. Tikakhala awiri ndi katundu, yaifupiyi ili pa 315, yaitali ija inalephera kudutsa 300 ngakhale nditaipotoza mpaka kumapeto. Ndipo mpata wotsala wolandirira dzenje ndi 51 mm, osati 24. Kunsi kwa injini, popanda munthu, pali 150 mm. Chishalo 692 mm, mapazi akupondabe pansi bwinobwino, zidendene zokha ndiye zimanyamuka pang'ono ndikavala nsapato zopyapyala.

Tcheni chinatidyera nthawi yambiri. Chimakokeka kwambiri pamene sipuloketi yaing'ono, bawuti ya swingarm ndi ekiselo zili pamzere umodzi, ndipo swingarm ikaweramira pansi chimakhwefuka. Ndi mashock aafupi aja njinga imakhala pafupi ndi mzere umenewu nthawi zonse. Tsopano ikaima imakhala kunsi kwa mzerewo, ndiye munthu akachikoka kwambiri njinga ili chiimire, pa bampu chimakokeka ngati nsambo ya gitala, n'kumapweteka mabering'i ndi sipuloketi. Tisanamange mashock tinakweza swingarm kufika pamzere uja n'kuonetsetsa kuti pamenepo tcheni chikadali ndi kampata, ndipo titatsitsa njinga kusewera kwake kunali 38 mm. Buku limalola 30 mpaka 40 mm. Ndizichisunga chakumtunda kwa malirewo.

Buleki yakumbuyo ndi ya dilamu, yokokedwa ndi kandodo kachitsulo, ndiye swingarm itasintha kaimidwe pedulo nayo inasintha poyambira kugwira. Tinapotoza nati ya kumapeto kwa kandodoko mpaka inabwerera m'malo, tinadumphadumpha pachishalo kuona ngati buleki sikugwira yokha, kenako tinakonza switchi ya nyali ya buleki, imene inayamba kuyaka mochedwa.

Ofiira aja ndawagulitsa kwa mnyamata wa kabaza motsitsa mtengo. Pa njinga yake akhala bwino, ndi kwawo.

Lolemba

Usiku wathawu ndinatuluka kukagula mayunitsi ndipo nyali yakutsogolo imaunika pafupi kwambiri, ngati ndikusaka ndalama yotayika. Kumbuyo kukakwera mphuno imawerama. Ndaiimika moyang'ana khoma la nyumba n'kuikweza pang'ono.

Lachinayi

Ulendo wa ku Domwe, anthu awiri, thumba la ufa ndi nkhuku imodzi m'dengu. Kolala pa sitepe yachinayi mbali zonse. Ndinawerenga masitepe kawiri, chifukwa mbali imodzi ikasiyana ndi inzake swingarm imakankhidwa mokhota.

Pa tala palibe chonena, njinga imangoyenda. Pafumbi, pamalo paja madzi a mvula anakumba ngalande yopingasa msewu, ndinachepetsa liwiro monga mwa masiku onse n'kudikira kuti gu. Sizinamveke. Kunsi sikunakhudze paliponse ulendo wonse, ngakhale pamiyala ya pokwera kufika kwa apongozi pamene kale ndinkawatsitsa mayi kuti ayende pansi. Pamabampu ang'onoang'ono otsatizana aja, okhala ngati malata, kumbuyo kumauma ndithu, makamaka pobwerera pamene ufa unali utatsala kumudzi ine n'kuiwala kubweza kolala. Sipanala yokhota ija iyenera kumakhala pansi pa chishalo, osati kunyumba.

Apongozi aamuna anaizungulira njinga n'kufunsa ngati ndagula ina. Mayi anayankha okha kuti ndi yomwe ija, yangosiya kugwada. Pobwerera sanatchule za chapa.

Titafika ndinapaka choko m'kati mwa madigadi ndi pa ekizozi kuti ulendo wotsatira ndidzaone ngati pali pokhudza. Pa kachitsulo ka shock ndamangapo kapulasitiki kothina, kamene kamakankhidwa shock ikafinyika n'kutsala pomwe yafika. Ndikakayenda ulendo wa ku Tsangano kokatenga mbewu ya kachewere kadzandiuza ngati 80 mm ija ikutha kapena ikutsalako.

Kumbuyo kutakhala bwino, kutsogolo ndiye kwayamba kudziulula. Ndikagwira buleki mwamphamvu mafoloko amamira msanga, ndipo lakumanzere lili ndi kamzere ka mafuta. A Mestre akuti tisinthe masilo, timalabala totsekera mafuta, ndi mafuta omwe mbali zonse ziwiri, ndipo tikamasula tikaonenso ngati mwini wakale sanalowetse mafoloko m'mwamba kapena kudula masipiling'i a m'kati, poti munthu wodula sitandi sangalephere.

Loweruka lachinayi

Sitandi yawotcheredwa. Tinaidula pachipsera chakale n'kulowetsapo chitsulo cha 30 mm, ndi kachitsulo kena m'kati kolimbitsa. Kuphazi kwake tawonjezera kambale kotambalala kuti isamamire m'matope mvula ikayamba. Poipinda inakhudza pang'ono fulemu, tinapala ndi fayilo mpaka inakhala. Kathabwa kaja ndakatulutsa m'thumba la jekete.

Masilo a mafoloko, a 33 mm, pa Ulongwe sanapezeke. Alamu akupita ku Dedza Lachitatu, ndawapatsa silo yakale m'kapepala kuti akafananize, ndipo ndawauza kuti akapanda kupeza yofanana ndendende abwere chimanjamanja.